Denga la Maliro a Hawa

Ndinadzuka kusanache, atambala asanayambe kulira. Kunena zoona sindinagone, ndinangotseka maso. Anandiyalira mkeka m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya apongozi anga, m'mudzi wina kufupi ndi Lungwena, ndipo usiku wonse ndinkamva amayi akuimba sikiri, nyimbo za mapemphero a Chisilamu, m'chipinda chachikulu mmene munagona mkazi wanga Hawa. Anamwalira dzulo lake masana kuchipatala ku Mangochi, malungo atamulowa m'mutu. Madzulo omwewo abale ake anabwera ndi lole ya wamalonda wina wa nsomba kudzamutenga. Ine ndinakwera kumbuyo, pakati pa madengu opanda kanthu.

Kwathu ndi ku Dedza. Ndine Mkhristu, ndipo nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kusekondale. Ukwati wathu tinakamangitsa ku boma. Bambo ake a Hawa, amene anali mwalimu wa pamzikiti wa m'mudzimo, sanabwereko, ndipo chikwatirane sanandilankhulepo kupyola moni. Choncho pamaliro amenewa ndinali namfedwa, ndinalinso mkamwini ndi mlendo. Munthu wotero amauzidwa pokhala, ndipo amakhala pomwepo.

Mvula inayamba pakati pa usiku, ya mvumbi, yosafulumira kukata. Ndili chigonere ndinkamva amuna akukumba, kukhoma ndi kuitanizana pabwalo. Nditatuluka ndinapeza moto wayaka kale kuseri kwa khitchini, amayi akupeta mpunga ndi kusankha nyemba, utsi ukukwawa pansi chifukwa cha chinyontho. Pabwalo panali pataima chisakasa chachikulu cha nsichi za bulugamu, chofoleredwa ndi nsalu yokhuthala. Ndinayesa ndi matenti obwereka kwa amalonda. Ndinalowa pansi pake kuti ndibisale mvula.

Choyamba kundipeza linali fungo. Linali fungo la m'nyumba mwathu, la utoto wa mafuta. Pansichi ina anakolekapo nyali, ndipo nditatukula maso ndinaona pamwamba panga mzere wakuda, wonenepa poyambira, wowonda kothera, ukudutsa pa utoto wofiira ngati katondo. Ndinaudziwa. Ndinalipo tsiku limene Hawa anaukoka. Denga lonse la chisakasacho linali zojambula zake, zosokedwa pamodzi ndi chingwe cha ukonde, utoto utaloza pansi. Ndinaweramitsa mutu msanga ngati ndapezerera munthu akusamba.

Mlamu wanga wamkulu, msodzi, anabwera atanyowa thupi lonse, akuoneka wokhutira ndi ntchito yake.

"Alamu, tapulumuka," anatero. "Tenti tinaisaka mpaka kumsika, osaipeza. Ndiye ndinakumbukira mipukutu ya achemwali ija munaika kudenga m'shedi ya maukonde. Penti yake ndi yeniyeni, madzi akungotsetsereka."

"Tiichotse," ndinatero.

"M'mvula muno? Anthu akhala pati?" Anandigwira paphewa. "Inu khalani pansi, alamu. Zoyendetsa zinthu lero tisiyireni ife."

Sankadziwa kanthu, ndipo sikunali kulakwa kwake. Masiku amenewo nkhani ya kupolisi sunkauza ngakhale mbale wako, kuopa kumusenzetsa. Nkhani yake inali iyi. Chaka cham'mbuyo mwake Hawa anakaonetsa zojambula zake m'holo ina ku Blantyre, ndipo wina anakanena kuti si zojambula wamba. Titabwerera ku Mangochi anamuitanira ku ofesi ya apolisi aja osavala yunifolomu, n'kumusunga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Womufunsa anali bambo wamtali, wolankhula motsitsa, wa chipsera pachibwano. Anayala zithunzi za zojambulazo patebulo. Anati mizere yabuluu ndi njira za kumalire, zolambalala chipata cha Chiponde. Anati yakudayo ndi mauthenga, ena m'Chiarabu, ena m'zilembo za ku China, dziko limene kungolitchula molakwika kunkakubweretsera alendo pakhomo. Hawa anayankha kuti palibe chowerengeka pamenepo. Bamboyo anati chinthu chosawerengeka ndicho choopsa kwambiri. Anamulamula kuti atenthe zonse, n'kumuuza kuti zikadzapezekanso, iye ndi mwamuna wake adzapita kumene anthu sankabwerako msanga.

Tinasonkha moto masanasana kuseri kwa nyumba ya sukulu, anthu akuona. Tinatentha mafelemu, zisanza ndi zoyeserera zakale. Zenizenizo tinazikulunga n'kupita nazo kumudzi ngati mphasa, ndipo Hawa anakauza bambo uja kuti zapsa. Tsopano zinthu zimene boma linkadziwa kuti ndi phulusa zinali denga la maliro, ndipo kumaliro kumabwera aliyense.

Kutacha anandikhazika pampando pakati pa chisakasa, pafupi ndi akuluakulu. Anthu anayamba kufika. Ena anabwera panjinga atafunda matumba a feteleza. Ena anayenda pansi kuchokera ku Malindi, nsapato zili m'manja. Kunabwera amuna a mikanjo ndi makofiya atapinda mathalauza mpaka m'mawondo, amalonda a usipa, aphunzitsi anzanga, ndi ana a sukulu amene Hawa ankawaphunzitsa kujambula, mayunifolomu atamatira m'thupi. Amayi ankapitirira kukalowa m'nyumba, ndipo aliyense wolowa ankadzutsa kulira kwatsopano. Amuna ankandigwira dzanja, kupepesa, n'kukhala pamikeka. Munthu akakhala kanthawi, khosi lake linkayamba kupendekera kumbuyo. Ine sindinkayang'ana kumwamba. Ndinkaopa kuti maso anga alondolera maso a ena. Ndinkangoona makosi, kenako n'kubwezera maso pansi.

Kumbuyo kwanga mkulu wina ananong'oneza mnzake. "Ichi n'chiyani, nsomba kapena ngozi ya basi?"

"Mwana anapita ku Ulaya kukaphunzira kutaya penti," mnzakeyo anayankha.

Anaseka chapansipansi, kenako anakumbukira kuti ndili pomwepo n'kutsokomola. Sindinakwiye. Ndinapemphera kuti aliyense wobwera tsiku limenelo aone zomwezo, penti yotayika.

Hawa anayambira pa ubao, thabwa lija ana amalembapo kumadrasa. Ali wamng'ono ndiye ankasakaniza inki ya bambo ake, ya mwaye ndi utomoni, ndi kusongola mabango olembera. Ankandiuza kuti zilembo zake zinkakhala ndi michira yaitali yofika m'mphepete mwa thabwa, ndipo bambo ake ankamumenya zala chifukwa cha zimenezo. Kusekondale sisitere wina wachizungu anamupatsa utoto wa mafuta. Pamene tinkakumana kukoleji ku Zomba n'kuti akujambula ngalawa, amayi osenza mitsuko ndi nkhope za ana, zimene alendo a m'mahotela ankazikonda. Iye sankazikonda. Bambo ake anamuuza kuti kujambula nkhope ya munthu n'kulanda ntchito ya Mulungu. Pakamwa ankatsutsa, koma dzanja lake linkachita mphwayi likafika pamaso.

Kenako anapeza mwayi wokaphunzira ku Ulaya. Kumeneko anaona nsalu zazikulu ngati chipupa, zopanda munthu, mtengo kapena nyumba, mitundu yokhayokha. Anabwerako akupaka utoto ndi mpeni, mokhuthala, koma wosakhutira. Ankati akulankhula ndi pakamwa pa eni. Chimene chinamusintha anachipeza kuno. Tisanabwere ku Mangochi tinkakhala pafupi ndi sikimu ya mpunga kumene kunali alangizi a ku Asia, oitanidwa ndi boma lomwelo. Mmodzi wa iwo, nkhalamba yosadziwa Chichewa, ankajambula nsungwi ndi inki akaweruka kumunda. Anamuphunzitsa kugwira burashi choimiritsa, kukoka mzere kamodzi osabwerezanso, ndi kusiya malo ena osapaka. Tsiku lina Hawa anabwera kunyumba zala zili bii, n'kundiuza kuti mkuluyo amagwira mpweya asanakoke mzere, ndendende ngati bambo ake pa ubao. Kuyambira pamenepo ankayala mitundu mmene anaphunzirira ku Ulaya, pa nsalu za matanga zimene ankagula kwa eni ngalawa. Ikauma ankakoka pamwamba pake mizere yakuda, yofuna kukhala zilembo koma yolekeza panjira. Ankadzuka nayo m'mawa, ankaiwala nayo ndiwo pamoto. Amenewo ndiwo anali mauthenga aja.

Dzuwa litakwera kuseri kwa mitambo ndinamva galimoto ikuima kumsewu, kumtunda kwa nyumba. Posakhalitsa m'kanjira munatsika atcheyamani a chipani a m'deralo, atavala malaya oyera, wina atawagwirira ambulera. Kumbuyo kwawo kunali bambo wamtali wa chipsera uja. Ndinamuonapo kamodzi, tsiku lija ndinkadikira Hawa panja pa ofesi. Anaima pamzere ngati wina aliyense.

"Pepani, aphunzitsi," anatero.

Dzanja lake linali louma ngakhale kunali mvula. Poti anabwera ndi atcheyamani, anamupatsa mpando, ndipo pakati pa iye ndi ine panali munthu mmodzi yekha. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Sanayang'ane kumwamba. Ntchito yake inali kuona amene abwera ndi kumva zimene zikunenedwa, ndipo maso ake ankayenda pankhope za aphunzitsi anzanga, mmodzimmodzi. Mnzanga wina amene anali pafupi nane anasuntha pang'onopang'ono mpaka anakapezeka kunja, pamvula.

Mng'ono wake wa Hawa, mtsikana amene anali naye kuchipatala mpaka kumapeto, anabwera kudzandigwadira n'kunena kuti amayi amaliza kumusambitsa, ndikamuone asanatseke sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro. Ndinalowa. Za m'chipindamo sindilemba. Ndingonena kuti ndili chogwada pambali pake, khutu langa lina linali panja, kumvetsera ngati mpando wa bambo uja wasuntha.

Nditabwerera mwambo unayamba. Amalume ake a Hawa anafotokoza mmene matenda anayendera. Ashehe analankhula mwachidule, m'Chiyao. Kenako anapereka mpata kwa atcheyamani, chifukwa masiku amenewo maliro sankanyamuka iwo asanalankhule. Anaimirira pakati pa chisakasa. Anathokoza mtsogoleri wa dziko chifukwa cha bata ndi mtendere umene unalola kuti tisonkhane. Anati malemu anali mayi wophunzira. Anakumbutsa anthu za makhadi a chipani a chaka chimenecho.

Nthawi yonseyi madzi ankasonkhana pamene nsalu inalendewera. Utoto wa mafuta unkawakaniza, koma m'misoko ankalowa, ndipo inki siigwirizana ndi madzi. Dontho lakuda linagwera paphewa la malaya oyera aja. Linagwanso lina. Atcheyamani anapukuta ndi chala, anayang'ana chalacho, n'kutukula mutu. Chisakasa chonse chinatukula nawo.

"Eni denga," anatero, "malaya awa ndi a msonkhano."

Anthu anaseka pang'ono, monga amasekera akuluakulu. Ine ndinkayang'ana cham'mbali. Bambo wa chipsera ndiye anamalizira kutukula mutu, ndipo anachedwa kuutsitsa. Ndinaona chibwano chake chikuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumbali ina ya denga kukafika kwina, ngati munthu wowerenga nyuzipepala. Atamaliza anatembenukira kwa ine. Anangosisita chipewa chake pabondo.

Ndinaganiza za mayi anga ku Dedza, amene uthenga wa maliro unali usanawapeze n'komwe, ndi mmene adzalandirire mauthenga awiri pamodzi. Ndinaganiza za mphunzitsi wina amene anatengedwa m'kalasi choko chili m'manja, ndipo ife tinangogawana makalasi ake osafunsa. Koma chimene chinkabwerabwera m'mutu chinali chaching'ono: kodi andilola kufika kumanda kaye?

Itakwana nthawi ya swala, pemphero la masana, anatulutsa thupi n'kuliika m'jeneza, bokosi la matabwa lokhala ndi zogwirira, limene limasungidwa kumzikiti ndipo limanyamula aliyense wa m'mudzimo. Analifunditsa nsalu yobiriwira. Amuna anandanda kumbuyo kwa ashehe n'kupemphera choimirira. Ife a mipingo ina tinaima pambali. Jeneza litanyamuka, amayi, amene sapita kumanda, anadzaza pakhomo, ndipo kulira kwawo kunatiperekeza mpaka tinakhota.

Sankayenda pang'onopang'ono monga timachitira kwathu. Ankafulumira, akulandizana mapewa, wina kulowa wina kutuluka, jeneza osaima. Sindinkadziwa ngati n'koyenera kuti ine ndigwireko, koma mlamu wanga anandikoka n'kundilowetsa pansi pa chogwirira. Hawa anali wopepuka. Ndinayenda naye pang'ono, wina n'kundilandira. Njira inadutsa m'minda ya chinangwa ndi pakhwawa pamene madzi ankafika m'akakolo. Kumanda tinapeza okumba akukapa madzi ndi zidebe. Anatambasula nsalu pamwamba pa dzenje, monga amachitira poika mkazi, ndipo bambo ake, ngakhale anali okalamba, anatsikira okha m'matopemo kukamugoneka mwana wawo. Anandipatsa dothi ndipo ndinaponya. Linali lonyowa, silinamveke kugwa.

Tikumaliza mvula inakata ndipo dzuwa linatuluka. Pobwerera ndinamva mapazi akuyenda limodzi ndi anga.

"Aphunzitsi," anatero bambo wa chipsera, maso ali kutsogolo, "ine maliro ndimawalemekeza. Anthu adye, abalalike. Ndikhala kugalimoto. Kenako tikambirane za denga lanu lija."

Kunyumba anthu anasamba m'manja n'kukhala m'magulu padzuwa, mbale za mpunga zikuyenda. Ine anandibwezera pampando wanga. Sindinakhalepo. Ndinamutengera mlamu wanga kuseri kwa shedi ya maukonde n'kumuuza zonse m'mawu ochepa. Anagwira pakamwa. Kenako anasolola mpeni wake.

"Moto ukadalipo," anatero.

Tinadula zingwe n'kutsitsa nsaluzo. Amene anationa anayesa tikuchotsa kuti ziume. Tinazikulunga mofulumira, utoto uli mkati, n'kuzikokera kuseri kwa khitchini kumene amayi anali ataphula mapoto, makala akadali ofiira. Ndinali nditagwira mpukutu woyamba pamene bambo ake a Hawa anatulukira, matope a kumanda ali mpaka m'mawondo.

"Mukutani?"

"Baba, izi zikapezeka ndimangidwa. Mwina ndi alamuwa."

Anawerama, anatambasula ngodya ya mpukutuwo, n'kuyang'ana. Inki inali itasungunuka m'mbali, koma mzere unkaonekabe.

"Pamoto wophikira nyemba ayi," anatero.

Ndinawauza kuti Hawa ankanena kuti mulibe chilembo chilichonse m'menemo.

"Uyu ndi alifu," anatero, kutchula chilembo choyamba cha Chiarabu. "Wapindika, koma ndinamuphunzitsa ndine." Anabwezeretsa ngodyayo bwinobwino. "Zolemba zikatha ntchito ife tili nako kozisunga."

Jeneza linali pansi pa mtengo wa mango, likudikira kubwezedwa kumzikiti. Anaitana akuluakulu anzawo, nkhalamba za mikanjo yothimbirira, n'kulankhula nawo m'Chiyao. Palibe anafunsa funso. Analibweretsa kuseri. Tinapinda mipukutuyo pakati kuti ikwane, tinaigoneka mmene munali mutagona Hawa, n'kufunditsa nsalu yobiriwira ija.

Mzikiti uli kutsidya kwa msewu, ndipo kanjira kopita kumeneko ndi kamodzi. Galimoto ija inali itaima pakamwa pake. Ndinaima pangodya ya nyumba n'kumaonerera. Nkhalambazo zinkakwera pang'onopang'ono, apongozi anga ali kutsogolo. Jeneza lopanda kanthu anyamata awiri amalinyamula akucheza. Ili linkawerameritsa misana, ndipo aliyense wa maso akanaona. Bambo wa chipsera anali atatsamira chitseko cha galimoto, akusuta. Atayandikira anataya ndudu n'kuvula chipewa.

Pamene kanjira kamakwerera mumsewu panali poterera. Mkulu wa kumbuyo anatsetsereka n'kugwada bondo limodzi. Jeneza linapendekeka, ndipo mkati munamveka kugunda. Bamboyo anatambasula dzanja n'kugwira chogwirira. Ndinadikira kuti akweze nsalu. Ndinaona zala zake pafupi ndi mphonje zake. M'malo mwake analowetsa phewa, anawoloka nalo msewu, n'kulipereka kwa mkulu uja kutsidya. Anaima kanthawi akuyang'ana nkhalambazo zikulowa m'mitengo. Kenako anasasa phewa n'kutsikira kwa ine.

Pabwalo panali patatsala nsichi zokhazokha ndi tizingwe tolendewera. Anaziyang'ana.

"Denga lapita kuti?"

"Linali lobwereka, bwana. Eni ake atenga." Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu.

"Jeneza la kuno n'lolemera."

"Matabwa amwa madzi, bwana," anatero mlamu wanga kumbuyo kwanga.

Bamboyo anayang'ana pabwalo. Amuna a m'mudzimo anali atasiya kudya. Sanaimirire, manja anali m'mbale, koma onse ankayang'ana kwa ife. Ndinkamva madontho akugwa kuchokera mumtengo wa mango.

"Mvula yachuluka chaka chino," anatero bamboyo, n'kuvala chipewa. "Musasamuke osandiuza, aphunzitsi."

Galimoto inalira n'kulowera ku Mangochi. Chifukwa chake sindichidziwa. Mwina kutsegula jeneza pamaso pa mudzi wonse, tsiku loika mwana wa mwalimu, kunali kopyola ngakhale kwa iye. Mwina anaona kuti mantha anga am'kwanira. Sindikufuna kumupatsa mtima wabwino umene sindinauone.

Apongozi anga anabwerako anthu ambiri atapita. Ndinawafunsa kumene aika.

"Chimene simukuchidziwa sangakufinyeni nacho," anatero, n'kupitirira kukasamba.

Madzulo m'nyumba munali zii. Mipando yobwereka inali itabwerera, mapoto atavundikiridwa pathandala. Achibale amene anatsala anagona chogwa m'makona, ena nsapato zili kuphazi. M'chipinda chachikulu munatsala mkeka ndi fungo la lubani. Ndinakhala pakhomo la kachipinda kanga. Mng'ono wake wa Hawa anandibweretsera tiyi n'kukhala pansi chapatali.

Anandiuza kuti amuna titapita kumanda, amayi anatuluka m'nyumba n'kukakhala pachisakasa, poti mkati munkatentha. Ali pomwepo dzuwa linatuluka n'kuwomba nsalu zonyowazo kuchokera pamwamba. Anati denga lonse linayaka. Zofiira zinagwera pamipango, zabuluu pamanja, ndipo mizere yakuda ija inkaoneka ngati yaima payokha m'mwamba. Anati kulira kunaleka. Mayi ake a Hawa, amene sanaonepo ntchito ya mwana wawo chibwerere ku Ulaya, anagona chagada pamkeka kuti aone bwino, ndipo amayi ena anachita chimodzimodzi, mpaka anamva mapazi athu tikubwerera.

"Sitinkadziwa kuti achemwali ankapanga zotere," anatero. "Inu munakonda chiti pamene zinali pamwamba paja, alamu?"

Ndinafuna kumuyankha. Ntchito yonse ya Hawa inali pamalo amodzi, kwawo, pamaso pa anthu ake, ndipo ine ndinakhala pansi pake kuyambira kusanache mpaka masana. Ndinafufuza m'mutu, ndipo zimene ndinapeza zinali nsapato za anthu, matope a pamikeka, ndi chipewa chili pabondo.

Mtsikanayo anadikira, kenako anatenga nyali n'kulowa. Ndinatsala ndi kapu m'manja. Kumsewu kunkabwera galimoto, ndipo ndinaimvetsera mpaka inapitirira.